Formula One: liwiro lake limayambira m'mutu

Mu Disembala 2024, mtsogoleri wa dziko la Rwanda a Paul Kagame adalengeza ku Kigali kuti dziko lawo likufuna kuchititsa mpikisano wa galimoto wa Formula One. Nako ku South Africa, nduna ya zamasewero a Gayton McKenzie adakhala ali kalikiliki chaka chomwecho ndi chotsatira chake kufuna kuti mpikisanowu ubwerere kwawo. Nkhani yake ndi yakuti chichitikireni mpikisano wa pabwalo la Kyalami, kufupi ndi Johannesburg, mu 1993, galimoto zimenezi sizidapikisanenso pa nthaka ya Africa. Zimapita ku Ulaya, ku Asia, ku America, ku Australia ngakhalenso kuchipululu kwa Aluya, koma kuno ayi.

Ambiri a ife tikamva nkhani yotere timangoti "za azungu izo." Ena akaziona pa wailesi yakanema Lamulungu masana, uku akudikira mpira wa ku England, amafunsa kuti, "kodi anthuwa akungozungulira malo amodzimodzi, akupita kuti?" Funsoli si lopusa ayi. Koma poti atsogoleri a maiko anzathu ayamba kukamba zoikapo chuma cha dziko pamasewerowa, n'koyenera kuti tidziwe chimene akufuna kugulacho. Pamsika paja wogula nsomba amayamba wainunkhiza.

Tiyambe ndi dzina. Liwu lakuti formula apa likutanthauza mndandanda wa malamulo omwe aliyense wopanga galimoto ya mpikisanowu ayenera kutsata: kukula kwake, kulemera kwake, injini yake, mafuta ake. Malamulowa amalemba ndi bungwe la FIA lomwe likulu lake lili ku Paris. Galimoto yake ndi ya mpando umodzi, yopanda denga, ndipo matayala ake onse anayi ali poyera, osabisika m'thupi la galimoto monga zilili ndi zathuzi. Chikho cha dziko lonse chidayamba mu 1950 pabwalo la Silverstone ku England, ndipo woyamba kupambana adali Giuseppe Farina wa ku Italy, pagalimoto ya Alfa Romeo.

Timu iliyonse imabweretsa galimoto ziwiri. Kuyambira mu 2026 matimu alipo 11, kutanthauza galimoto 22 panzere woyambira. Mu 2024 ndi 2025 kudali mipikisano 24 pachaka, uliwonse mumzinda wake. Lachisanu amayeserera. Loweruka aliyense amathamanga payekha kulimbana ndi wotchi, ndipo amene wazungulira bwalo mwachangu kuposa onse ndiye amaima kutsogolo tsiku la mpikisano. Lamulungu ndiye zenizenizo: mtunda wa makilomita pafupifupi 305, ngati kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe, koma iwo amaumaliza pa ola limodzi ndi theka basi. Woyamba amapata mapointi 25, wachiwiri 18, wachitatu 15, kumatsika choncho mpaka wa nambala 10 yemwe amatola pointi imodzi. Pakutha pa chaka pamakhala zikho ziwiri: cha dalaivala ndi cha timu.

Chikho chachiwirichi ndicho anthu ambiri sachimvetsa, pamene ndicho mtima wa nkhani yonse. Pampira matimu onse amamenya chikopa chimodzi. Pa Formula One timu iliyonse iyenera kudzikonzera galimoto yake. Injini akhoza kugula kwa ena, koma thupi la galimoto ndi mapiko ake ayenera kujambula okha. Akuluakulu adati liwiro lamumchenga n'kuyambira limodzi, koma kuno sayambira limodzi ayi. Ena mpikisano amakhala atawina kale kufakitale miyezi ingapo galimoto isanalize injini. Dalaivala ndi amene timamuona akupopera shampeni, koma kumbuyo kwake kuli anthu mazanamazana, m'matimu akuluakulu oposa 1,000, omwe ambiri a iwo sapita n'kubwalo komwe. Amakhala ku Woking, ku Brackley, ku Milton Keynes kapena ku Maranello, maso ali pakompyuta.

Nanga anthu onsewa amalimbana ndi chiyani? Choyamba ndi mphepo. Tonse timadziwa kuti phiko la ndege limanyamula ndege m'mwamba. Tsono tatengani phiko lomwelo mulitembenuze chadodolido: m'malo monyamula, likanikiza pansi. Ndizo amachita pagalimoto zimenezi chiyambire 1968. Mapiko akutsogolo ndi akumbuyo, pamodzi ndi momwe adasemera kunsi kwa galimoto, amachititsa kuti ikamathamanga mphepo iziikanikizira pamsewu. Liwiro likamakwera nayo imamatirira kwambiri, motero imatha kukhota pakona pa liwiro lomwe galimoto wamba ingagubuduzike kasanu. Nzeru yogwiritsa ntchito kunsi kwa galimoto adaitulukira ndi a timu ya Lotus motsogozedwa ndi Colin Chapman mu 1977, ndipo chaka chotsatira Mario Andretti adatenga nayo chikho.

Koma palibe chabwino chaulere. Phiko lalikulu limathandiza pakona koma limabweza galimoto panjira yowongoka. Ndiye pabwalo la Monza ku Italy, pomwe liwiro limafika cha m'ma 350 pa ola, amaika timapiko tating'ono, pamene m'misewu yopapatiza ya ku Monaco amaika akuluakulu. Ndiponso galimoto yakutsogolo imasiya mphepo yovundukavunduka kumbuyo kwake, moti woitsatira amataya mphamvu yomatirira ija. N'chifukwa chake kupitirira mnzako n'kovuta ngakhale yako ili yothamanga kuposa yake. Mukaona wina akukakamira kumbuyo kwa mnzake ulendo khumi osamudutsa, musati ndi mantha. Mphepo ndiyo ikumukaniza.

Chachiwiri ndi injini, ndipo apa ndi pomwe amakaniko athu a ku Ndirande ndi ku Biwi angagwire pakamwa. Chiyambire 2014 injini ya Formula One ndi ya malita 1.6, kukula kwake ngati ya Toyota Corolla yomwe mumakwera ngati takisi. Koma pamene ya Corolla imatulutsa horsepower yongopitirira 100, iyi, pamodzi ndi mota yake yamagetsi, idafika cha m'ma 1,000. Matsenga palibepo. Injini yagalimoto wamba imagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yomwe ili mupetulo. Yotsalayo imangotayika ngati kutentha ndi utsi. Pofika 2017 a Mercedes adalengeza kuti injini yawo yapitirira theka. Adatheka bwanji? Adayamba kutolera zomwe ena amataya. Utsi umazunguza turbo. Dalaivala akaponda buleki, mphamvu yomwe ikadangosanduka kutentha imapangidwa magetsi n'kusungidwa m'batire, kenaka n'kubwezedwa kumatayala pofuna kuthamanga.

Chidawakakamiza kuganiza chotere ndi lamulo. Kuyambira 2010 n'koletsedwa kuthira mafuta mpikisano uli m'kati, ndipo pakati pa 2019 ndi 2025 galimoto sinkaloledwa kupitirira makilogalamu 110 a mafuta pampikisano wonse. Wamalonda aliyense akumva zimenezi: mpamba ukachepa m'pamene mutu umagwira ntchito. Malamulo omwe adayamba mu 2026 adakankhira patsogolo mfundo yomweyi. Mphamvu ya mota yamagetsi idakwezedwa kuchoka pa makilowati 120 kufika pa 350, kotero kuti pafupifupi theka la mphamvu ya galimoto lizichokera kumagetsi. Mafuta ake akuyenera kukhala osachokera m'zitsime zapansi, ndipo mapiko akutsogolo ndi akumbuyo omwe amatseguka panjira yowongoka n'kutsekekanso pofika pakona. Malamulo amenewa ndi omwe adakopa Audi kuti igule timu ya Sauber, chaka chomwecho Cadillac ya ku America n'kulowa ngati timu ya 11. Makampaniwa sadabwerere chikondi cha masewero chokha. Dziko likulowera kugalimoto zamagetsi, ndipo akufuna dzina lawo lioneke pamalo pomwe nzeru zotere zikupikisana.

Chachitatu ndi matayala, ndipo kwa wongoyamba kumene kuonera, apa ndi pomwe pali kukoma. Chiyambire 2011 kampani imodzi yokha, Pirelli, ndiyo imapereka matayala kwa onse. Pali ofewa, okhala ndi mzere wofiira, omwe amagwira msewu zedi koma sachedwa kutha. Pali apakatikati a mzere wachikasu, ndi olimba a mzere woyera omwe amakhalitsa koma n'ngochedwerapo. Kukakhala kopanda mvula lamulo limati aliyense agwiritse ntchito mitundu iwiri, choncho kuima n'kosathawika. Funso limakhala lakuti: uime liti? Ukaima msanga umataya malo, koma ndi matayala atsopano umathamanga kuposa mnzako amene akukwekwesa akutha, moti iye akadzaima amatuluka uli kutsogolo. Ukachedwetsa, mwina wina achita ngozi, galimoto yachitetezo n'kutuluka kudzachepetsa liwiro la onse, iwe n'kusintha matayala motchipa. Ndi bawo imeneyi, abale anga, kungoti amasewera pa liwiro la 300.

Kusinthako nako ndi kodabwitsa. Anthu pafupifupi 20 amaunjirira galimoto, atatu patayala lililonse: wina kumasula, wina kuchotsa, wina kuika latsopano. Ku Qatar mu 2023 anyamata a McLaren adasintha matayala onse anayi a Lando Norris pa masekondi 1.80. Mmodzi yekha akazengereza, ntchito ya anthu 1,000 yapita m'madzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kuno mwambiwu amachita kuupima ndi wotchi.

Ndisamulande ulemu dalaivala. Akaponda buleki, zomwe zimatentha kufika madigiri 1,000, thupi lake limakankhidwa ndi mphamvu yofika kasanu kulemera kwake, ndipo khosi liyenera kupirira zimenezi kona ndi kona kwa ola ndi theka. Kumalo otentha ngati Singapore amatuluka atataya makilogalamu awiri kapena atatu ndi thukuta lokhalokha. Uku akusintha magiya ndi zala, uku akutembenuza timabatani tapachiwongolero, uku akumvera injiniya pawailesi. Mayina ngati Juan Manuel Fangio, yemwe adatenga zikho zisanu m'zaka za m'ma 1950, Michael Schumacher ndi Lewis Hamilton, a zikho zisanu ndi ziwiri aliyense, kapena Max Verstappen amene adalamulira kuyambira 2021 mpaka 2024, sadatchuke mwangozi. Komabe tisanamizane: katswiri wotani akapatsidwa galimoto yofooka amathera pakati pa gulu. Fernando Alonso, mwini zikho ziwiri, adakhala ku McLaren kuyambira 2015 mpaka 2018 osapambana ngakhale kamodzi. McLaren yomweyo itakonza zinthu kufakitale idatenga chikho cha matimu mu 2024 ndi 2025, ndipo Norris adakhala katswiri wa dziko lonse mu 2025.

Masewerowa adadyapo anthu ambiri, ndipo luso lina lomwe tikuliona lero lidagulidwa ndi magazi. Pa 30 Epulo 1994 Roland Ratzenberger adafera pabwalo la Imola ku Italy, ndipo m'mawa mwake, pa 1 Meyi, Ayrton Senna wa ku Brazil, katswiri wa zikho zitatu, adafera pomwepo. Kuchokera apo makona oopsa adasinthidwa, ndipo mayeso owombetsa galimoto kukhoma isanaloledwe, oona ngati munthu angapulumuke, adakhwimitsidwa. Jules Bianchi atachita ngozi ku Suzuka mu 2014 n'kumwalira chaka chotsatira, mu 2018 adalamula kuti pamwamba pa mutu wa dalaivala pazikhala chitsulo chokhota chotchedwa halo. Ambiri adanyoza kuti chikunyansitsa galimoto. Koma mu 2020 ku Bahrain galimoto ya Romain Grosjean idaboola mpanda wachitsulo, kuduka pakati n'kuyaka moto, iye n'kutuluka wamoyo patatha masekondi osakwana 30, atangopsa manja. Onyoza aja adakhala chete.

Tsopano tifike pandalama, poti n'zimene zimayendetsa zonse. Kale matimu akuluakulu ankamwaza madola oposa 400 miliyoni pachaka, ang'onoang'ono n'kumangogwa limodzilimodzi. Mu 2021 adaika malire akuti timu isapitirire madola 145 miliyoni, kupatula malipiro a madalaivala ndi zina zochepa. Red Bull itapezeka kuti idadumpha malirewo chaka choyambacho, idalipitsidwa madola 7 miliyoni n'kuchepetsedwanso nthawi yoyesera galimoto pamphepo. Onani chilangocho: adadziwa kuti kwa anthu olemera chonchi faindi ndi yamasewera, chowawa n'kuwalanda nthawi yophunzira.

Nkhani yomwe ine imandikoma kwambiri ndi ya 2009. Chuma cha dziko lonse chitagwedezeka, kampani ya Honda idathawa masewerowa. Injiniya Ross Brawn adagula timuyo ndi paundi imodzi yokha, antchito ambiri n'kuchotsedwa, galimoto n'kufika pabwalo ili mbee, pafupifupi yopanda dzina la kampani yoithandiza. Koma mainjiniya ake adali atawerenga malamulo atsopano mofatsa kuposa anzawo, n'kupezamo kampata kokonzera kunsi kwa galimoto mwanjira yomwe matimu ambiri akuluakulu sadaiganizire. Jenson Button adapambana mipikisano isanu ndi umodzi mwa isanu ndi iwiri yoyambirira, ndipo timuyo idatenga zikho zonse ziwiri. Kutha kwa chaka Mercedes idaigula. Amene mumachita geni mwamva: si nthawi zonse wa mpamba waukulu amawina, nthawi zina amawina ndi amene wawerenga bwino.

Ena amati luso la Formula One limathera m'galimoto zathu. Zina n'zoona, monga kusintha magiya ndi zala kumbuyo kwa chiwongolero komwe Ferrari idayambitsa mu 1989, koma zambiri n'zokometsera malonda chabe. Phiko la madola zikwizikwi silingathandize minibasi ya ku Chilomoni. Chomwe chimatuluka kunja kwenikweni ndi kagwiridwe ka ntchito. Madokotala a chipatala cha ana cha Great Ormond Street ku London adakaphunzira kwa osintha matayala a Ferrari momwe angapatsirane mwana wochoka ku opaleshoni popanda chisokonezo. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, fakitale ya injini ya Mercedes mogwirizana ndi University College London idapanga makina 10,000 othandiza odwala kupuma m'masabata ochepa. Chuma chenicheni cha masewerowa ndi anthu ozolowera kuthetsa vuto lero, osati mawa.

Ndiye tibwerere kufunso la Africa. Kuchititsa mpikisano si ulemu womwe amangokupatsa, umagula. Dziko limamanga bwalo, kenaka chaka ndi chaka limalipira madola mamiliyoni makumimakumi kwa eni masewerowa, kampani ya ku America ya Liberty Media yomwe idawagula mu 2017. Ena zimawayendera: Singapore yakhala ikukopa alendo ndi mpikisano wake wausiku chiyambire 2008, ndipo a ku Rwanda, omwe mu 2018 adayamba kulemba dzina la dziko lawo pamalaya a Arsenal, akuwerengera zomwezo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. South Korea idamanga bwalo ku Yeongam, mpikisano n'kuchitika kanayi kokha, 2010 mpaka 2013. India idamanga lake kufupi ndi Delhi, n'kuthera pakatatu. Vietnam idakonza lake ku Hanoi kuti liyambe mu 2020, koma galimoto ya Formula One sidathamangepo ngakhale kamodzi. Eni masewero amanyamula katundu wawo n'kupita kwina. Ngongole imatsala ndi mwini mudzi.

Chodabwitsa n'chakuti chigawo chathu chino chidalowamo kale m'mbiri ya masewerowa. Mu 1967 John Love wa ku Bulawayo, pagalimoto yakale yodzigulira yekha, adatsogola ku Kyalami mpaka chakumapeto, koma vuto la mafuta lidamuimitsa n'kuthera pachiwiri. Jody Scheckter wa ku South Africa adatenga chikho ndi Ferrari mu 1979. Koma akuluakulu enieni ndi awiri omwe sankaoneka pakanema. Gordon Murray wa ku Durban, yemwe adaphunzira pasukulu ya zaumisiri ya Natal, adajambula galimoto za Brabham zomwe Nelson Piquet adatengera zikho mu 1981 ndi 1983. Rory Byrne wa ku Pretoria adaphunzira chemistry ku Wits, za galimoto adachita kudziphunzitsa, koma zikho zonse zisanu ndi ziwiri za Schumacher zidabwera pagalimoto zojambula iye. Inde, onse awiri ndi azungu omwe adapata maphunziro omwe tsankho lidamana anzawo akuda. Koma phunziro lili pomwepo: chidawafikitsa kumeneko ndi masamu, sayansi ndi mwayi wogwira sipanala ali achichepere.

Udalaivala tisadzinamize nawo. Mwana amayamba ndi tigalimoto ta kart asanakwane zaka khumi, ndipo pofika pakhomo pa Formula One makolo kapena omuthandiza amakhala atataya mamiliyoni a madola. Ngakhale Hamilton, munthu wakuda woyamba pamasewerowa, bambo ake ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi mpaka McLaren idamutola ali ndi zaka 13. Mipando ya madalaivala ilipo 22 padziko lonse. Mipando ya mainjiniya, amakaniko ndi akatswiri a makompyuta ilipo zikwizikwi, ndipo pakhomo pake safunsa kuti bambo ako ndani. Amafunsa zomwe ukudziwa.

Ine, amene koleji ndidaisiyira panjira, sindikuti Africa isadzachititse mpikisano. Chikho chomwe chimadzitcha cha dziko lonse pamene chimadumpha anthu oposa biliyoni imodzi n'chopereweza, ndipo tsiku lomwe galimotozi zidzalire ku Kyalami kapena ku Kigali ndidzaonera nawo. Koma nzika za dziko lililonse lofuna kugula phwandoli zili ndi ufulu wofunsa mafunso atatu: alipira ndani, kwa zaka zingati, ndipo alendo akadzapita kudzatsala chiyani? Ngati yankho lake ndi msewu wosalala wopita kubwalo lotsekedwa, pamene sukulu za zaumisiri zilibe ngakhale makina amodzi osemera zitsulo, ndiye kuti tagula phokoso, nzeru n'kuzisiya.

Kwa inu ophunzira, tsiku lina mukadzaipeza pakanema musadzasinthe msanga. Yang'anani mtundu wa mzere wapatayala, werengani kuti wakutsogolo wasiya mnzake ndi masekondi angati, ndipo dzifunseni kuti mukadakhala inu injiniya mukadamuitana liti kuti adzasinthe. Mukadzapeza kuti mwayamba kukangana ndi wailesi, dziwani kuti masamu aja mumati alibe ntchito ayamba kugwira.